MPHUNZITSI WOPUMA AKAFUNA KUBWERERA M'KALASI, PENSHONI YACE ITANI?

Sabata ino ndifuna kukamba nanu za aphunzitsi a Boma muno m'dziko la South Africa, makamaka iwo amene anacoka pa nchito ndipo tsopano afuna kubwerera kukagwiranso coko. Wina adzati, kodi ife anthu a pa mgodi nkhani ya aphunzitsi itikhudza bwanji? Itikhudza ndithu. Ana athu amene tiri nao kuno aphunzira m'masukulu omwewa, ndipo ena mwa ife akazi ao, alamu ao kapena apongozi ao ndiwo aphunzitsiwo. Ndiponso funso limene liri pansi pa nkhaniyi libvuta munthu aliyense wolandira malipiro pa mwezi: cabwino n'citi, kulandira ndalama zonse tsiku limodzi, kapena kulandira pang'onopang'ono kufikira imfa?

Ine ndine mabalane. Sukulu yanga inathera ku pulaimale ya mishoni, koma nchito yanga ndi ya mapepala ndi masamu, ndipo madzulo ndi pa Sabata anthu amabwera kwa ine ndi makalata ao a penshoni ndi a msonkho kuti ndiwawerengere. M'makalata amenewa ndaona cinthu cimodzi cobwera kawirikawiri: khomo limene mphunzitsi anatulukira ndilo linena m'mene adzabwerere.

Nkhaniyi yakula masiku ano cifukwa aphunzitsi ambiri akalamba pamodzi. M'caka ca 1996, pamene Sibusiso Bengu anali nduna ya maphunziro, Boma linapatsa ndalama aphunzitsi ofuna kucoka okha, ndipo zikwizikwi anacoka. Pofika 2001 makoleji a aphunzitsi ena anatsekedwa, ena anaphatikizidwa ku mayunivesite. Kwa zaka zingapo acinyamata olowa uphunzitsi anacepa. Akatswiri a ku Stellenbosch University atawerenga mabuku a Boma anapeza kuti m'caka ca 2021 pafupifupi theka la aphunzitsi olipidwa ndi Boma anali ndi zaka 50 kapena kuposa. Khamu lonseli liri kuyandikira khomo, ndipo ambiri atuluka ali ndi mphamvu zao.

Thumba la Boma ndi masamu ace

Mphunzitsi wolembedwa ndi Boma pa nchito yokhazikika alowa m'thumba la Government Employees Pension Fund, mwacidule GEPF. Thumbali linakhazikitsidwa pa 1 May 1996, pamene anasonkhanitsa pamodzi matumba ambiri a nthawi ya tsankho. Ndilo thumba la penshoni lalikulu koposa onse mu Africa, ndipo osonkhamo aposa 1.2 miliyoni: aphunzitsi, manesi, apolisi, asilikari ndi makalaliki a m'maofesi. Pa R100 iriyonse ya malipiro ace mphunzitsi adulidwa R7.50, ndipo Boma liikapo R13.

Thumba ili lisiyana ndi provident fund imene ambiri a ife a pa mgodi tiidziwa. M'provident fund munthu alandira zimene zinasonkhedwa pamodzi ndi phindu lace. Zikaculuka zaculuka, zikacepa zacepa. Koma GEPF ilonjeza ciwerengero cace pasadakhale, ndipo ciwerengeroco cicokera pa zinthu ziwiri: zaka zimene munthu wagwira, ndi malipiro ace omariza. Malipiro omarizawo awapeza pophatikiza zonse za miyezi 24 yotsiriza ndi kugawa pawiri, kuti zikhale za caka cimodzi.

Munthu amene wagwira zaka 10 kapena kuposa, akapuma alandira zinthu ziwiri: ndalama ya mulu yolandira kamodzi, imene amati gratuity, ndi penshoni ya mwezi ndi mwezi. Tengani pensulo tiwerengere limodzi. Tiyerekeze mphunzitsi amene anapuma mu August 2024 ali ndi zaka 60, atagwira zaka 30, malipiro ace omariza ali R400,000 pa caka. Gratuity iri R6.72 pa R100 iriyonse, ndiyo R26,880, ndipo tikaculukitsa ndi zaka 30 tipeza R806,400. Penshoni tiipeza motere: R400,000 kuculukitsa ndi 30, kugawa ndi 55, ndi kuonjezapo R360. Yankho ndi R218,542 pa caka, pafupifupi R18,200 pa mwezi.

Penshoni imeneyi iri ndi ana ace. Ikwera mu April caka ndi caka, ndipo malamulo a thumbali anena kuti kukwerako kusacepere magawo atatu mwa anai a kukwera kwa mitengo ya zinthu. Mwini wace akamwalira, mkazi kapena mwamuna wotsala alandirabe theka lace moyo wace wonse. Amene anagwira zaka 15 ndipo anali m'bungwe la zacipatala pa caka cace cotsiriza, Boma lipitiriza kumthandiza kulipira bungwelo. Kwa nkhalamba yodwala shuga kapena mtima, cimeneci si cinthu cacing'ono ai.

Lamulo la Employment of Educators Act la 1998 linena kuti mphunzitsi apume akafika zaka 65, koma aloledwa kupuma kuyambira zaka 55. Wopuma asanafike zaka 60 adulidwa R1 pa R300 iriyonse pa mwezi uliwonse wotsala. Wopuma pa zaka 55 zenizeni watsala miyezi 60, cotero ataya R20 pa R100 iriyonse. Mphunzitsi wathu uja akadakhala wa zaka 55, bwenzi alandira pafupifupi R14,600 pa mwezi, ndipo kudulako sikubwerera mpaka imfa.

Makomo awiri

Tsono pali makomo awiri otulukira. Loyamba ndi kupuma, monga tafotokoza. Laciwiri ndi kulemba kalata yosiya nchito. Wosiya nchito apatsidwa ndalama yace mulu umodzi, kapena aisamutsira ku thumba lina, ndipo buku lace ku GEPF litsekedwa. Mulu umenewu umaoneka waukulu kwambiri, woposa gratuity kutali, pakuti muli mtengo wa penshoni yonse ya m'tsogolo. Koma akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

M'caka ca 2014 kunabuka mphekesera. Boma linali kukonza kusintha malamulo a matumba a ukalamba kuyambira 1 March 2015, ndipo mau anayenda m'masukulu ndi m'zipatala kuti Boma lifuna kulanda penshoni, ndi kuti gratuity idzatha. Unduna wa zacuma, pamene nduna yace anali Nhlanhla Nene, unakana, ndipo a GEPF anakananso. Kusinthako kunali kuloza makamaka ma provident fund, ndipo gratuity ya anchito a Boma sinali kucotsedwa. Koma mantha athamanga koposa kalata ya Boma. Aphunzitsi ndi manesi zikwizikwi analemba makalata osiya nchito. Tinene zoona, si mantha okha anawatuma. Ambiri anali m'ngongole za m'masitolo, za m'mabanki ndi za mashonisa, anthu a katapila aja, ndipo anaganiza kuti: ndisiye, ndilandire, ndilipire ngongole, caka ca mawa ndibwerere.

Taonani zimene anataya. Penshoni ya pamwezi inapita, theka la wamasiye linapita, thandizo la kucipatala linapitanso. Wa msonkho naye analuma kwambiri. M'caka cimeneco wopuma anali kulandira R500,000 yoyamba yopanda msonkho, pamene wosiya nchito anali kukhululukidwa R25,000 yokha. Mu March 2023 malirewa anakwera kufika R550,000 ndi R27,500, koma kusiyana kuli komweko. Ndipo ofesi ya msonkho, SARS, siiwala: ndalama imene munatenga posiya nchito iwerengedwanso tsiku limene mudzalandire mulu wina popuma.

Pali amai ena amene amuna ao agwira nchito pa mgodi wathu. Anabwera ndi mapepala ao kuti ndiwathandize kulemba fomu ya msonkho, ndipo anandiuza mbiri yao. Anasiya uphunzitsi mu 2014 ali ndi zaka 52, atagwira zaka 28. Ngongole analipira, nyumba anamariza, mwana mmodzi anampititsa ku koleji. Anati kwa ine, "Mwananga, nyumba ija ndigonamo, sindinataye zonse. Koma ndinayesa kuti ndalama yotere siitha, ndipo inatha pa zaka zitatu." Anayamba kuyenda m'masukulu kugwirizira malo a aphunzitsi opita ku chuthi ca ucembere, miyezi inai kuno, miyezi inai uko. Malo okhazikika anawapeza mu 2018. Ndinawafunsa kuti, "Nanga amai, zaka 28 zija?" Anangotambasula manja. Buku lao linayamba pa tsamba loyamba, ndipo podzafika zaka 65 mudzakhala zaka 9 zokha, zosafika ndi pa 10 pomwe. GEPF ilola munthu kugulanso zaka zace zakale, koma mtengo wace ufuna ndalama yomwe ija inatha.

Mnzao amene analowa naye uphunzitsi caka cimodzi anapirira mpaka zaka 60, napuma mu 2022. Lero aphunzitsa masamu masiku atatu pa sabata pa sukulu ina ya m'tauni. Onse awiri anabwerera m'kalasi, onse awiri agwira coko. Wina aphunzitsa ali ndi penshoni kumbuyo kwace, ndipo tsiku limene mawondo adzakana adzangokhala pansi. Winayo aphunzitsa cifukwa akaleka palibe cakudya.

Atsegula khomo lobwerera ndani?

Munthu asaganize kuti mpando wace umdikira. Buku la malamulo a kalembedwe ka aphunzitsi, limene amati Personnel Administrative Measures, linena momveka za munthu amene anapuma nthawi yace isanakwane. Kulembedwanso kwace kuyenera kubvomerezedwa ndi mkulu wa maphunziro wa cigawo. Coyang'ana ndi phindu la ana ndi la sukulu, osati kusowa kwa wopemphayo. Ndipo ngati pali ena oyenera, makamaka acinyamata ongoyamba kumene, iwo ndiwo atsogole pamaso pa munthu amene anali kale ndi mwai wa zaka zambiri. Amene anapuma cifukwa ca matenda ayenera kuonetsa umboni wa dotolo kuti anacira. Aliyense wofuna kuima pamaso pa ana ayenera kukhala m'kaundula wa South African Council for Educators, ngakhale anaphunzitsa zaka 40.

Acinyamatawo alipo ambiri. Kuyambira 2007 Boma lilipirira ophunzira uphunzitsi ndi thandizo la Funza Lushaka, ndipo caka ndi caka atuluka m'mayunivesite kufuna malo. Ndalama za zigawo nazo zacepa. Cigawo ca Western Cape cinalengeza mu 2024 kuti cicotsa malo a aphunzitsi 2,407 kuyambira January 2025. Ncifukwa cace mumva nkhani ziwiri zooneka ngati zitsutsana: aphunzitsi asowa, ndipo aphunzitsi ali pa ulova. Zonse ziwiri n'zoona. Osowa ndi a maphunziro ena, monga masamu ndi sayansi, ndi ofuna kukhala ku masukulu a kumidzi yakutali. Wopuma amene ali ndi maphunziro amenewa khomo limtsegukira msanga. Wina adzagogoda nthawi yaitali.

Malo obwererako ali a mitundu itatu. Oyamba ndi a Boma, ndipo kwa wopuma kawirikawiri akhala a kanthawi, ogwirizira wodwala kapena wa pa chuthi. Aciwiri ndi a komiti ya sukulu, pakuti lamulo la South African Schools Act la 1996 lilola komiti ya makolo kulemba aphunzitsi oonjezera ndi ndalama zace. Acitatu ndi a masukulu a eni ace, a mishoni ndi a makampani. Pa malo a komiti ndi a eni ace munthu sasonkhanso ku GEPF, ndipo malipiro ndi amene mwapangana. Cotero funsani kalata ya pangano musanalowe m'kalasi, yonena malipiro, masiku, ndi tsiku lotha.

Penshoni ya GEPF ndi ya moyo wonse, ndipo siidulidwa cifukwa mwini wace wapeza nchito ina. Pamenepa aphunzitsi a kuno ali ndi mwai woposa anzao a maiko ena. Ku England, mphunzitsi wa penshoni ya mtundu wakale akabwerera, ndipo penshoni ndi malipiro pamodzi zikaposa malipiro ace akale, penshoni icepetsedwa. Ku California wopuma adikira masiku 180. Akagwira m'sukulu ya Boma masikuwo asanathe, dola iriyonse imene walandira icotsedwa pa penshoni. Ku Ontario m'dziko la Canada malire ndi masiku 50 pa caka ca sukulu, ndipo wopitirira penshoni yace iimitsidwa.

Msampha wa msonkho

Koma walira mvula walira matope. Penshoni ya pamwezi iri ndi msonkho, malipiro atsopano ali ndi msonkho, ndipo SARS aphatikiza ziwirizo ngati thumba limodzi. Bvuto libwera cifukwa wolipira aliyense adula msonkho ngati kuti ndalama yace ndiyo yokha imene munthuyo alandira.

Titenge mphunzitsi wathu uja wa R218,542 pa caka, asanafike zaka 65, ndipo komiti imlipira R10,000 pa mwezi, ndiyo R120,000 pa caka. Tiwerenge ndi malamulo a caka ca msonkho coyamba mu March 2025, ndi kusiya pambali za cipatala. Msonkho uli R18 pa R100 iriyonse kufikira R237,100, ndipo pamwamba pace uli R26. Munthu aliyense akhululukidwa R17,235 kamodzi pa caka. A penshoni akadula paokha atenga pafupifupi R22,100. Komiti ikadula payokha itenga R4,365. Pamodzi ndi pafupifupi R26,500. Koma ndalama ziwirizo zikaphatikizidwa zikwana R338,542, ndipo msonkho wace weniweni ndi pafupifupi R51,800. Cikhululukiro cija cinaperekedwa kawiri, ndipo ndalama yoposa R100,000 inayenera kudulidwa pa R26. Pakutha pa caka kalata ibwera yoti mphunzitsi ali ndi ngongole ya pafupifupi R25,000, malipiro a komiti a miyezi iwiri ndi theka.

Kuyambira March 2022 SARS amauza a penshoni kuti adule msonkho wokwerapo kwa anthu olandira mbali ziwiri, ndipo wopumayo ali ndi ufulu wokana. Ambiri akana poona kuti penshoni yacepa, osadziwa kuti ngongoleyo angoisunthira kutsogolo. SARS awerengera pa mapepala amene ali nao kale, cotero caka coyamba ca nchito yatsopano ndico coopsa. Njira yabwino ndi kupempha wokulipirani kuti adule zoonjezera mwezi ndi mwezi, kapena kupatula nokha R26 pa R100 iriyonse ya malipiro atsopanowo ndi kuisunga osaikhudza.

Miphika iwiri

Pa 1 September 2024 lamulo latsopano linayamba, limene anthu alicha la miphika iwiri, ndipo lakhudzanso ma provident fund a pa migodi. Zosonkha za kuyambira tsikulo zigawidwa patatu. Gawo limodzi lilowa mu mphika wosungira, ndipo munthu angatapemo kamodzi pa caka ca msonkho, kuyambira R2,000, osasiya nchito. Magawo awiri alowa mu mphika wa ukalamba, umene sutsegulidwa ngakhale munthu asiye nchito. Zimene zinasonkhedwa tsikulo lisanafike zitsata malamulo akale.

Lamuloli likadakhalapo mu 2014, kapena aphunzitsi ena sakadataya mipando yao cifukwa ca ngongole ya sitolo. Koma cenjerani. Zotapa mu mphika wosungira zidulidwa msonkho ngati malipiro, ndipo ku GEPF kutapa kulikonse kucepetsa gratuity ya tsiku lopuma. Ndiponso mphunzitsi wa zaka 25 za nchito akali ndi mulu waukulu pansi pa malamulo akale, cotero ciyeso ca kalata yosiya nchito sicinathe.

Maganizo anga

Ine ndinaphunzitsidwa kuwerenga ndi gogo wina wa imvi pa sukulu ya mishoni, ndipo ndidziwa mtengo wa mphunzitsi wokalamba. Iye adziwa mwana wanjala asanalankhule, ndipo adziwa njira zitatu zofotokozera samu imodzi. Komanso mnyamata amene waphunzira zaka zinai ku yunivesite sayenera kukhala pakhomo cifukwa mkulu wa penshoni wakhala pa mpando wace. Lamulo lotsogoza acinyamata pa malo a Boma ndiliona labwino.

Cimene cindiwawa ndi ici. Malo a komiti alipidwa ndi ndalama za makolo, cotero apezeka m'masukulu a anthu acuma. Masukulu a m'malokeshoni ndi a pafupi ndi makomponi athu ambiri ndi osalipiritsa fizi, ndipo komiti zao ziribe ndalama yolembera munthu. Mphunzitsi amene anagwira zaka 30 pakati pa ana a amphawi, akapuma apita kukaphunzitsa ana a m'tauni, pakuti ndiko kuli malipiro. Akulu a maphunziro akadapatula kandalama koti opuma otere abwere masiku awiri pa sabata kuthandiza ana owerenga mobvutika ndi kulangiza aphunzitsi atsopano, palibe mnyamata akadataya malo, ndipo ana athu akadapindula.

Kwa inu amene muli ndi mphunzitsi m'banja, mau anga ndi awa. Akalankhula za kusiya nchito, mumfunse zaka zimene zatsala kuti afike 55, ndi zimene zatsala kuti afike 60. Apite ku ofesi ya GEPF akapemphe ziwerengero ziwiri zolembedwa, ca wosiya ndi ca wopuma, ndipo muziike pa tebulo pamodzi ndi mkazi kapena mwamuna wace, pakuti theka la wamasiye ndi la iyeyo. Akakhala wopuma kale ndipo aitanidwa kukaphunzitsa, adziwe amene adzamlipira, aone kuti dzina lace likali m'kaundula wa aphunzitsi, ndipo akonze za msonkho mwezi woyamba womwe. Safunsa anadya phula. Ndipo ife a pa mgodi, tsiku limene kalata ya provident fund idzafika m'manja mwathu, tidzafunse mafunso omwewa tisanasaine.